Maso a Ntate Ramaila

Tembisa, 13 Malichi 2011

Okondedwa aNangozo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene mukuudziwa kale. Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo muwauze kuti mankhwala a mawondo ali m'chikwama chobiriwira ndi opaka, asamwe.

Katundu ndapatsira a Chimbalanga a lole aja. Muli mafuta ophikira, sopo, ndi nsapato za Yamikani. Zikakula muike thonje kutsogolo, mwana akukula ameneyo. Chimanga musagulitse msanga ngakhale mavenda akome pakamwa.

Mwafunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji, poti anthu kumeneko akuti ndine bwana wa makompyuta. Auzeni asiye. Bwana sadya magwinya, mandasi a kuno, choimirira pa siteji ya takisi. Ntchito yanga ndi iyi. Makina akuluakulu amene timayang'anira ali ndi kabowo kumbuyo kolowetsamo chingwe, ndipo kuseri kwa kabowoko kuli kachipangizo kotchedwa khadi. Khadiyo ndi imene imalankhulitsa makina ndi anzake. Ikadwala, makina amakhala amoyo ndithu koma osalankhula. Ine ndimakhala pa galasi lakuda bii, lopanda chithunzi n'chimodzi chomwe, n'kumalemba mawu oifunsa. Ndikalemba ethtool, imandiuza ngati chingwe ikuchimva, liwiro limene ikuthamanga, komanso ngati ikutha kulankhula ndi kumva nthawi imodzi kapena ikuchita kudikira mnzake amalize. Ndikalemba ifconfig, imandiuza dzina lake ndi adiresi yake. Maina ake ndi osasangalatsa, eth0, eth1, basi. Tsiku lonse tizilembo toyera ngati nyerere zagwera mu ufa. Makina ena ali chipinda chachiwiri, ena ali kutali kwambiri, ndipo timawalowa tili pampando pomwepo ku ofesi yathu ku Midrand.

Ndikugwirabe ndi a Ntate Ramaila (kwawoko Ntate ndiye kuti bambo), achikulire aja anandibisa m'nyumba mwawo chaka chija cha moto, anthu akusaka alendo khomo ndi khomo. Ndi iwo amene anandichotsa pa ntchito yokoka zingwe m'madenga n'kundikhazika pa galasi. Masiku ano ayamba kachizolowezi. Dzana andiitana:

"Iwe Nyasa, tabwera undiwerengere apa, magalasi ndaiwala m'galimoto."

"Magalasiwo ali pamphuno panupo, Ntate."

"Ndiye kuti ndatenga a mkazi wanga. Werenga, usandifunse mafunso ngati wapolisi wa pa Beitbridge."

Tinaseka, ndinawerenga.

Za chinkhoswe cha mwana wathu Chifuniro, adona a Swanepoel, eni kampani, avomera kuti ndidzapume mu Ogasiti. Uzani amalume ake apitirize zokambirana, tsikulo alisankhe mwezi umenewo. Suti ndaiona kale pa sitolo ina ku Kempton Park, ndikudikira itsike mtengo.

Ndine wanu,
Eliyasi


Tembisa, 24 Epulo 2011

Okondedwa aNangozo,

Pasaka wabwino kwa nonse. Kalata yanu ndinalandira, ndakondwa kuti mbatata zachita bwino. Ine chifuwa chandigwira pang'ono chifukwa cha chipinda cha makina. Amachiziziritsa ngati mosungira nyama, ukatuluka kunja kwatentha, ukalowa kwazizira, tsiku lonse. Musadandaule.

Mbuzi ya mawanga ija musaiphe, ikhale ya chinkhoswe. Denga la khitchini lidikire kaye.

Pali nkhani imene ndikufuna ithere m'makutu mwanu. Pa ntchito yathu pali mawu ena amene ukalemba, kanyale ka khadi kamayamba kuphethira, kuti mnzako amene ali m'chipinda cha makina adziwe chingwe choti azule pakati pa zingwe zambirimbiri. Lachiwiri ndinalemba mawuwo, a Ntate ali mkati. Ndinadikira, zii. Nditalowa ndinawapeza ataima kutsogolo kwa makina, nkhope pafupi ngati akununkhiza, kanyale kakuphethira pamphuno pawo penipeni. Akuti, "Nyasa, walemba bwino? Palibe chikuphethira pano."

Ndinangozula chingwecho ndekha.

Pobwerera anaimika galimoto pambali pa msewu n'kundipatsa makiyi. Anati ndi shuga, wafika m'maso. Diso lamanzere likuona utsi wokhawokha, lamanja likuona m'mbali koma pakati pali chibanga. Mu Disembala akwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo lamulo la kampani likuti wofika pamenepo ali pa ntchito amapita ndi penshoni yonse komanso chithandizo cha kuchipatala. Wochoka msanga amapita ndi nyenyeswa.

"Zala zanga zikudziwa njira," anatero. "Ndakhala ndikulemba mawu amenewa iwe ukuweta mbuzi. Chimene chandisowa ndi maso. Undibwereke ako mpaka Disembala."

"Nanga adona akadziwa?"

"Adona amadziwa za ma invoisi basi. Khadi ndi bisiketi sangasiyanitse."

Ndiye tikugwira choncho. Iwo amalemba, ine ndimawerenga yankho motsitsa mawu ngati ndikudziyankhulira. Galimoto ndikuyendetsa ndine, tikuuza anthu kuti ndikuphunzira misewu. Ntchito ya anthu awiri yasanduka ya munthu mmodzi ndi theka. Ndikafika kuno kuchipinda ndimangogona ndi nsapato.

Wanu,
Eliyasi


Tembisa, 12 Juni 2011

Okondedwa aNangozo,

Moni nonse. Ndili moyo. Kuzizira kwafika, m'mawa madzi a pampopi akuluma zala.

Pepani kuti sindinaimbe Lachisanu lapitalo monga tinapanganira. Tinayenda ulendo wadzidzidzi ku Letsitele, kumpoto uko, kumene amalima malalanje. Pali nyumba yaikulu yolongedzera malalanje opita kunja, ndipo makina ake timayang'anira ndife. Anasiya kulankhula nthawi ya m'mawa, pakati pa nyengo yokolola. Popanda makinawo mapepala omata pa makatoni satuluka, ndipo katoni yopanda pepala sikwera sitima ku Durban. Tinanyamuka masana, ine pa chiwongolero, a Ntate pambali. Titafika dzuwa likupendeka tinapeza malole atandanda mpaka kumsewu, azimayi olongedza atakhala pansi padzuwa, poti kumeneko tsiku losagwira ntchito salipira. Mwini wake anatilandira ndi mawu amene sindingalembe m'kalata yopita kwa mkazi wanga.

Kukonza kwake kunali mzere umodzi. Ndinalemba ifconfig eth1 up, zonse zinadzuka. Ulendo wonse uja chifukwa cha timawu titatu. Koma sitima inali itawasiya kale.

Anatipatsa thumba la malalanje otsala, si mwini wake ayi, koma mayi wina wolongedza. Sindikudziwa chifukwa chake. A Ntate sanadyeko.

Lachinayi tili ndi bwalo ndi adona. Mutikumbukire m'mapemphero, koma amayi musawauze.

Ndamva kuti mafuta a galimoto akusowa kumeneko. Ngati minibasi zakwera mtengo, Yamikani azipita pa njinga ya amalume ake.

Eliyasi


Tembisa, 3 Julayi 2011

Okondedwa aNangozo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino.

Ndilembe mosazungulira. Mu Ogasiti sindibwera. Tchuthi achichotsa, ndipo andipatsa kalata ya chenjezo lomaliza. Ntchito ilipo, musaope. Tsikulo musalisinthe chifukwa cha ine, akuchimuna anakonzeka kale ndipo sibwino kuwayendetsa pachabe. Achimwene a Filipo akhale m'malo mwanga. Ndatumiza zitenje, mbale zagalasi ndi nsalu ya diresi kudzera kwa a Chimbalanga. Suti sindinagule, ndalama yake ili mu envulopu, muonjezere pa zakumwa.

Chifuniro ndimuimbira ndekha. Musayambe ndinu kumuuza.

Zifukwa ndidzafotokoza mtima ukakhala pansi.

Eliyasi


Tembisa, 11 Seputembala 2011

Okondedwa aNangozo,

Moni. Ndayamika kumva kuti mwambo unayenda bwino ndipo chakudya chinakwana. Zithunzi zafika. Mwana wathu wafanana ndi inu chaka chimene ndinakuonani koyamba pa msika wa Lizulu.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mwati anthu akunena kuti ndili ndi banja kuno, ndipo inu mwatopa kuwayankha. Mwati mwana analira m'chipinda asanatuluke. Mwati miyezi iwiri ndakhala ngati munthu wosalankhula. Zonse mwanena zoona, kupatula za banjazo. M'chipinda muno muli ine, bedi, ndi ketulo.

Nazi zimene zinachitika. Tsiku lija adona ananditumiza ndekha ku Pretoria, a Ntate anatsala mu ofesi. Kenaka a ku Letsitele anaimba kuti makina akuchedwa. Makina amenewo ali ndi makhadi awiri. Ina imalankhula ndi zosindikizira za m'nyumbamo, ina imalankhula ndi dziko lakunja, ndipo ndi imene ifenso timalowera tikakhala kuno. Pa makina athu ambiri yakunja ndi eth0, yamkati ndi eth1. Koma pa amenewo maina anatembenuka. Munthu wamaso akalemba ifconfig amaona adiresi n'kudziwa pomwepo. A Ntate analemba ndithu, yankho linabwera, koma kwa iwo unali utsi. Anachita manyazi kuitana wina mu ofesi. Anadalira chizolowezi, n'kuzimitsa eth1 kuti aikonze liwiro. Anazimitsa khomo limene analowera, iwo ali kunja, makiyi ali mkati.

Pa bwalo adona anali ndi kalata ya mwini malalanje m'manja, yofuna kuthetsa mgwirizano. Anafunsa funso limodzi.

"Bambo Ramaila, zaka zonsezi simunalakwitsepo chotere. Simunaone pa galasi?"

A Ntate anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kunena. Ndinawadula.

"Anandiimbira foni, adona. Makinawo ndinaika ndine chaka chatha. Anandifunsa kuti yamkati ndi iti, ine ndinati eth1. Anakhulupirira mawu anga."

Foni imeneyo kunalibe, aNangozo. Adona anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati wolakwa ntchito ikachuluka sapita kutchuthi ntchito ikachuluka.

Tili panja a Ntate anandigwira kolala. "Ndani anakutuma? Ndine mwana ine?" Ndinati Disembala sali patali. Anandisiya. Za tchuthi sanamve, poti adona anandiuza ndili ndekha. Atandifunsa mu Ogasiti kuti bwanji sukupita, ndinati akuchimuna asintha tsiku.

Mwina munena kuti ndinasankha mlendo kusiya mwana wanga. Sindikutsutsani. Koma usiku umene anyamata anafika ndi zikwanje pa geti, munthu ameneyu anaima pakhomo ndi kabudula yekha n'kunena kuti m'nyumba muno muli ana anga okha. Pa bwalo paja pakamwa panga panayankha ndisanaganize. Ndikanaganiza, sindikudziwa.

Feteleza mugule msanga asanasowe.

Wanu ndithu,
Eliyasi


Tembisa, 23 Okutobala 2011

Okondedwa aNangozo,

Moni kwa inu ndi ana. Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mawu aja akuti "ndamva, koma sindinakhululuke" ndawalandira. Ndi abwino kuposa kukhala chete.

Zinthu zasintha kuno, ndipo wopalamula ndine. Zithunzi zija ndimayenda nazo m'chikwama cha laputopu. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro ndinazitulutsa, tikudya kota, buledi wobowola woikamo tchipisi, m'galimoto. A Ntate anamva kukhwekhwesa kwa mapepala.

"N'chiyani chimenecho, makalata a zibwenzi?"

Ndinatopa kunama, aNangozo. Bodza limalemera ngati thumba la simenti, ndipo ndinali nditasenza awiri. Ndinati ndi zithunzi za chinkhoswe.

"Chinkhoswe chake chiti? Si unati asintha tsiku?"

Anatenga chithunzi chimodzi, anachiyandikiza ku diso lamanja, anachipendeketsa uku ndi uku. Kenaka anandibwezera.

"Ndiuze amene alipo."

Ndinawatchulira. Chifuniro, mnyamatayo, inu, amalume ake, achimwene a Filipo.

"Wakhala pafupi ndi mkazi wakoyo ndani?"

"Achimwene."

"Pampando pako."

"Eya."

Kota wawo sanamalize. Anamukulunga bwinobwino n'kumuika pansi. M'mawa mwake ndinafika mochedwa chifukwa matakisi anali pa sitalaka, ndipo ndinawapeza akutuluka mu ofesi ya adona atagwira khoma. Ananena zonse. Za maso, za kuwerengerana, za foni imene kunalibe.

Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyirapo kuno. Ndinawakalipira pa malo oimika magalimoto, anthu akuonerera pa mawindo.

"Miyezi iwiri yokha, Ntate! Ine ndinataya tsiku la mwana wanga kuti mufike Disembala. Tsopano mwataya zonse, zanu ndi zanga zomwe!"

"Ukanandifunsa," anatero. "Unandipatsa mphatso osandiuza mtengo wake. Ine ndili ndi ana aakazi atatu, Nyasa. Onse ndinawaperekeza ndekha. Ukufuna ndizidya penshoni ya mpando wa mwana wako? Ingandiime pakhosi."

"Nanga mankhwala a shuga mugula ndi chiyani?"

"Ndikaima pamzere ku kiliniki ngati anthu ena onse. Miyendo ilipo."

Adona sanawachotse mwachipongwe. Awapumitsa chifukwa cha matenda, ndi ndalama yochepa, ndipo chithandizo cha kuchipatala chitha mwezi uno. Ine anandiitana pambuyo pake. Sanakweze mawu. Anati akumvetsa chimene ndinachitira, mwinanso iwo akanachita chomwecho kwa bambo awo. Koma makina a anthu ena anagwiridwa ndi munthu wosaona kwa miyezi yambiri ine ndikudziwa, ndipo ndinanama pa bwalo. Za kalata yokonzera chilolezo changa chokhalira kuno anati aganiza kaye.

Panopa ndikugwira ndekha. Ndikalemba mawu, yankho likabwera, ndimapezeka ndikuliwerenga mokweza m'chipinda mopanda munthu.

Mvula ikayamba musadikire ine, dzalani.

Eliyasi


Tembisa, 4 Disembala 2011

Okondedwa aNangozo,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo chimanga chamera. Ine ndili bwino, chifuwa chinasiya.

Loweruka lapitalo ndinaperekeza a Ntate kwawo ku Sekhukhune. Chiyambire kukangana kuja tinali tisanalankhulane. Anatuma mdzukulu wawo kudzandiuza kuti akufuna dalaivala wodziwa kukangana, kuti asagone panjira. Tinabwereka bakki ya mnansi, kagalimoto kotsegula kumbuyo, tinakweza bedi, firiji ndi makatoni a mabuku amene sadzawerenganso. Ndinati mabukuwa asiyeni, akungolemetsa galimoto. Anati, "Iwenso ukulemetsa galimoto, koma takutenga."

Njira yonse ankanditchulira malo tisanafike. Apa pali mlatho, apa pali mabampu, ukapitirira apa pali mayi wogulitsa mango, ima. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Kwawo ndi kwamiyala, kouma, mbuzi zoonda ngati za ku Golomoti m'chilimwe. Akazi awo, a Mma Ramaila, anatidikira pa geti. Anaphika nkhuku ndi bogobe, nsima ya kwawoko. Tikudya anandiuza kuti, "Bambo awa andiuza zimene unachita. Unachita zopusa, mwana wanga. Onjezera nyama."

Ponyamuka a Ntate anandiperekeza mpaka pa galimoto atagwira phewa langa. Anandipatsa bulangete lolemera, lokongola, limene kwawoko amafunditsa mkwatibwi. Anati ndi la Chifuniro, ndipo ndikamuuze kuti likuchokera kwa nkhalamba imene inamubera bambo ake. Anandimenya pamsana n'kunena kuti, "Pita, Nyasa, kusanade. Iwe uli ndi maso koma misewu sudziwa."

Adona aganiza. Kalata ija salemba. Ntchito ithera pa 15, ndipo chilolezo chitha mu Januwale. Andipatsa kalata ya umboni yonena kuti ntchito ndimaidziwa, ndipo pamenepo sananame. Anzanga akuti nditsale, ambiri akukhala opanda mapepala, ndizikonza makompyuta m'mashopu a intaneti. Ndaganiza masiku angapo. Zothamanga ndikaona galimoto ya apolisi ndinachita ndili mnyamata. Msana uno sungathenso.

Ndiye ndikubwera, ndipo ulendo uno si wa tchuthi. Ketulo ndi bedi ndagulitsa. Laputopu ndibwera nayo, mwina ku Lilongwe kuli wina wofuna munthu wodziwa kulankhula ndi makhadi. Ngati kulibe, tidzaona. Anthu muwauze kuti ndikubwera ku ukwati wa mwana wanga, poti mwati tsiku lake layandikira, zimenezo ndi zoona ndipo zikwanira. Zinazo adzaziona okha Januwale akadzatha ine ndikadali pakhonde.

Basi inyamuka pa 17 ku Park Station, yodzera pa Dedza. Ndikadzawoloka ndidzaimba, kenaka ndidzakwera minibasi mpaka pa Lizulu. Katundu si wambiri, wolemera ndi bulangete lokha.

Musatume ana kudzandichingamira. Mubwere nokha. Ngati simunakhululukebe, mudzandiuze tikuyenda, njira ya kumudzi ndi yaitali mokwanira.

Ndine mwamuna wanu,
Eliyasi